Kugoneka injini molakwika kumadya phindu

Chilimwe chino mapampu a petulo ali kalikiliki m'madimba a ku Likangala ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo amene amawabwereketsa akupha makwacha. Majenereta nawonso akulira m'nyumba zoonetsera mavidiyo ndi zometera pa Kachulu, Govala ndi Jali. Koma makina ena amawonongeka akadali atsopano chifukwa cha mmene eni ake amawapendeketsera powatsuka, powakonza kapena powamanga pa njinga.

Injini za makinawa, monga Honda GX160, komanso za makina otchetchera kapinga, zimasunga oyilo pansi, m'mimba mwa injini. Mu GX160 mumalowa oyilo woposa pang'ono theka la lita. Mukaigoneka mbali yolakwika, oyiloyu amayenderera n'kulowa mu kabuleta, mu sefa ya mpweya ndi pamwamba pa pisitoni. Zikatero injini imakana kulira, imafuka utsi woyera wambiri, kapena chingwe cholizira chimangouma osakokeka.

Lamulo lake ndi limodzi: mbali imene kuli pulagi ndi sefa ya mpweya iziyang'ana kumwamba. Pa makina otchetchera, tsitsani zogwirira zake pansi kuti kutsogolo kudzuke, kapena agonekeni chammbali sefa ili pamwamba.

Musanapendeketse, zimitsani injini ndipo dikirani izizire, chifukwa petulo akadonthera pa ekizozi yotentha moto subwera mochenjeza. Tsekani tapu ya petulo, ndipo ngati thanki ili yodzaza, chepetsani petuloyo. Kenako zulani waya wa pa pulagi. Pa makina otchetchera izi n'zofunika kwambiri, poti kuzunguza mpeni wake ndi dzanja kungathe kuliza injini zala zili pomwepo.

Pochotsa oyilo wakale mu pampu kapena jenereta, palibe chifukwa choigoneka. Pansi pa injini pali bawuti yotulutsira oyilo. Injini yatsopano ya mtunduwu imafuna kusintha oyilo ikagwira ntchito maola 20 oyamba, kenako pa maola 100 aliwonse. Potumiza pampu pa kabaza, imangeni chilili, tapu ili yotseka.

Ngati oyilo walowa kale, musalimbane ndi chingwe. Masulani pulagi, kokani chingwe kangapo kuti oyilo atuluke pabowopo, pukutani pulagiyo n'kuibwezera. Sefa ya siponji mutha kuichapa ndi sopo n'kuiyanika mpaka iumiretu, koma ya pepala ikanyowa oyilo yatha ntchito, gulani ina. Ikani makinawo pamalo osapendekeka, yezani oyilo n'kuwonjezera ngati wachepa. Utsi umatha wokha injini ikalira kwa mphindi zingapo.

Inu obwereketsa, musonyezeni wobwerekayo mbali yoyang'ana kumwamba asananyamuke, kapena lembanipo chizindikiro ndi penti. Tsiku limene pampu yagona kwa makaniko, ndalama yobwereketsera simuiona, ndipo tomato wa kasitomala wanu amafota kudimba.