Chifukwa Chake Mau Ena Amasasa pa Wailesi

Madzulo aliwonse, m'midzi ndi m'matauni momwe, anthu amazungulira wailesi kuti amve nkhani, mitengo ya mbeu ndiponso mauthenga a maliro. Nthaŵi zina mau a wolankhula amamveka ngati ali pakhonde pomwepo. Koma nthaŵi zina amamveka osasa ndi ong'ambika, kapena amamira m'kaphokoso konga mvula yogwa patali. Zikatero omvera amapotokola chokwezera mau, ena amasintha mabatire, koma dzina la womwalira limakhala litawapita kale. Nthaŵi zina vuto lotere silikhala m'wailesi ya womvera ai. Limayambira kutali, pamene maikolofoni imakumana ndi makina oyamba okuza mphamvu yake.

M'kati mwa maikolofoni ya mtundu wa dynamic muli kanembanemba kamene kamanjenjemera mau akakagunda, monga chimachitira chikopa cha ng'oma. Kanembanembako nkolumikizidwa ku kawaya kokulungakulunga kokhala pakati pa maginito, ndipo kawayako kakamagwedezeka pamabadwa magetsi. Magetsi ameneŵa ndi ochepetsetsa. Batire limodzi la tochi lili ndi mphamvu ya 1.5 volt, koma munthu akamalankhula pa maikolofoni yotere mphamvu yotuluka imangokhala ngati 1 millivolt, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt. Tsono makina ena a m'situdiyo amayembekeza 1.23 volt, muyeso umene amisiri amaulemba +4 dBu. Motero mphamvu ya maikolofoni iyenera kuchulukitsidwa pafupifupi ka 1,000. Makina ogwira ntchitoyi amatchedwa preamplifier, mwachidule preamp, ndipo kukuza kumene amachitako nkumene kumatchedwa gain.

Gain imayesedwa m'madecibel, amene amalembedwa dB. Dzinali linakhazikitsidwa ndi akatswiri a telefoni ku America mu 1928 pokumbukira Alexander Graham Bell. Kaŵerengedwe kake nkosiyana ndi ka mapaundi a chimanga. Kuonjezera 6 dB ndiko kuŵirikiza mphamvu ya magetsi kaŵiri. 20 dB ndiko kuchulukitsa ka 10. 40 dB ka 100. Ndipo 60 dB ka 1,000. Choncho pepala lofotokoza makina likanena kuti preamp imafika pa 60 dB, likutanthauza kuti ingathe kukweza maikolofoni ya dynamic kufikira pa muyeso wa m'situdiyo. Maikolofoni ya mtundu wa condenser, imene nthaŵi zambiri imalandira 48 volt kudzera m'chingwe chake chomwe, imatulutsa mphamvu yochulukirapo, kotero kuti imafuna gain yocheperapo.

Wojambula mau amayenda m'kanjira kokhala ndi maenje mbali zonse ziŵiri. Dzenje loyamba ndi la gain yochepa. Waya aliyense ndi makina alionse a magetsi ali ndi kaphokoso kake kobadwa ndi kutentha, monga anafotokozera John Johnson ndi Harry Nyquist mu 1928. Mau akachoka mu preamp ali ofooka amakhala pafupi ndi kaphokosoko, ndipo amene adzayesa kuwakweza pambuyo pake adzakweza zonse ziŵiri pamodzi.

Dzenje lachiŵiri ndi la gain yopyola. Preamp ili ndi malire amene singathe kupitirira, ndipo malirewo amalembedwa pa pepala lake lija. Mau akafika pamenepo nsonga zake zimadulidwa, ndipo ndiko kusasa kumene omvera amakumva. Nsonga zodulidwazo sizilowa konse m'chojambulira. Kutsitsa mau pambuyo pake kumangochepetsa kukula kwake, kusasako kumatsalabe. Paja akulu anati madzi akataika saoleka.

Mwachitsanzo, wojambula angapite kumudzi kukatenga nthano kwa agogo olankhula motsitsa, kenaka ng'oma za chimtali pabwalo. Kwa agogo, nzeru yoyamba ndiyo kuyandikizitsa maikolofoni, popeza kuchepetsa mtunda ndi theka kumaonjezera pafupifupi 6 dB popanda kuonjezera kaphokoso ka makina. Akafika pa ng'oma ayenera kutsitsa gain. Zikakanikabe amatsegula kabatani kotchedwa pad, kamene pa makina ambiri kamachotsa 20 dB mau asanaloŵe. Ayeneranso kupenyetsetsa polowetsa chingwe. Maikolofoni ikaloŵa pa bowo lolembedwa line mau samveka nkomwe. Ndipo makina otulutsa kale mphamvu ya line akaloŵa pa bowo lolembedwa mic, mau amang'ambika nthaŵi yomweyo.

Mthandizi wa wojambula ndi mita yosonyeza kukula kwa mau. Mita ya VU, imene inakonzedwa ku America mu 1939, ili ndi kamuvi kamene kamatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi kuti kafike pamalo pake. Motero kugunda kwa ng'oma kungadutse malire kamuviko kasanafike. BBC inasankha mita ya PPM, yofulumira kugwira nsonga za mau. Makina ojambulira pa kompyuta ali ndi denga lolembedwa 0 dBFS, limene silikhululuka ngati tepi, ndipo nyumba zoulutsira mau za ku Ulaya zimaika muyeso wao pa 18 dB kunsi kwa dengalo kuti patsale mpata. Ndicho chifukwa chake wojambula wosamala amayamba wapempha woyimba kuti ayimbe pamene nyimbo ikwera koposa, osati poyambira pake pofatsa, asanakhazike gain.

Womvera nayenso angathe kudziŵa komwe kuli vuto. Ngati mapologalamu onse akusasa, ngakhale a nyumba zina zoulutsira mau, ayang'ane mabatire kapena sipika ya wailesi yake. Koma ngati akusasa munthu mmodzi yekha pamene muulutsi akumveka bwino, ndalama ya mabatire aisunge, pakuti cholakwa chinachitika pojambula. Uthenga wa maliro ungathe kuŵerengedwanso maŵa lake. Koma agogo a nthano aja mwina wojambula sadzawapezanso, ndipo zidzukulu zidzamva mau ao monga momwe dzanja lake linakhazikira gain tsiku limenelo.