KUDYA NDI KUONA MALO KU KITWE NDI KU NDOLA

M'mizinda ya padoko ya m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, monga Marseille ku France ndi Naples ku Italy, anthu ali ndi mwambo wakale woturuka m'nyumba zao madzulo kukadya poyera, nayendayenda kuona zakale za mzinda wao. Zakudya zimene alendo amazifunafuna kumeneko zinayamba monga zakudya za amphawi. Msuzi wa nsomba wa ku Marseille unali wa asodzi, amene ankaphika nsomba zotsala pa malonda, ndipo pizza ya ku Naples inali mkate wa anthu anchito.

Ku Copperbelt kulibe nyanja yamcere, ngakhale zombo. Koma Kitwe ndi Ndola afanana ndi doko pa cinthu cimodzi, ndico kusonkhana kwa mitundu. Mkuwa unaitana Abemba, Alozi, Anyanja a ku Chipata ndi ku Malawi, anthu a ku Congo ndi ku Tanganyika, Amwenye, Agiriki ndi Azungu ena, onse nadzakhala m'dziko la Alamba. Mtundu uli wonse unadza ndi kaphikidwe kace.

Tsono munthu wa pamgodi wofuna kudya kunja pa tsiku lace lopuma sasowa kopita. Pa msika wa Chisokone ku Kitwe, kapena wa Masala ku Ndola, amai amaphika nsima, imene Abemba aicha ubwali, pamodzi ndi ndiwo zamitundumitundu. Pali ifisashi, ndizo ndiwo zamasamba zotendera ndi nsinjiro. Pali kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga. Pa nyengo ya dzinja palinso bowa ndi ifinkubala, zimene ziri mphalabungu. Pali cikanda, cophikidwa ndi mizu ya kuthengo yosinja pamodzi ndi mtedza, ndipo wakumva ludzu apeza munkoyo. Wanzeru ayamba wafunsa mtengo asanasambe m'manja, nasankha malo amene cakudya ciri cotentha ndi cobvundikira bwino, popeza nchenche ndi madzi oipa ndizo zifalitsa kolera m'nyengo ya mvula.

Acinyamata ambiri sadziwa kuti kukhala pa mpando m'nyumba yodyeramo ya pakati pa tauni ndi ufulu wocita kulimbanira. M'masiku a Northern Rhodesia munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa m'masitolo ndi m'mabuchala ambiri a Azungu, koma anali kugulira pa kazenera ka kumbali, ataima panja. Cifukwa ca ici cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi Harry Nkumbula, cinauza anthu kuti aleke kugula m'malo otere, ku Lusaka m'caka ca 1954 ndi ku Copperbelt m'caka ca 1956. Kenneth Kaunda anasimba m'buku lace, Zambia Shall Be Free, kuti m'caka ca 1957 iye ndi Nkumbula analowa m'nyumba yina yodyeramo ku Kitwe, koma anakanizidwa cakudya napitikitsidwa mwacipongwe. Lamulo loletsa tsankho m'malo odyeramo ndi m'nyumba za kanema linayamba kugwira nchito mu September 1960, ndipo ku Kitwe kunabuka cipolowe pamene Azungu ena anayesa kutsekereza anthu akuda pakhomo, kufikira apolisi anawabalalitsa.

Atatha kudya, munthu angathe kuona malo. Ndola ndiye wamkulu pa kubadwa, pakuti boma linamangidwa kumeneko m'caka ca 1904. Pa mseu wa Makoli pali malo a Mtengo wa Akapolo, pamene amalonda a Ciswahili anali kukumana ndi kutsatsana anthu ogwidwa m'zaka za m'ma 1800. Pa mseu wa Buteko pali Copperbelt Museum, nyumba yosungiramo zakale, mmene wanchito wa pansi pa mgodi angaonetse ana ace miyala yeniyeni imene iye aiphwanya mumdima, ndi zipangizo zimene makolo anali kusungunulira mkuwa Azungu asanafike. Cakum'mawa kwa mzinda, kufupi ndi malire a Congo, kuli nyanja yaing'ono ya Chilengwa, imene iri m'dzenje lakuya, ndipo palibe mtsinje wooneka wolowamo kapena woturukamo. Akatswiri a miyala anena kuti nthaka inatitimira pamene madzi anadya mwala wa njereza wa pansi.

Kunja kwa Ndola, cakumadzulo, kuli malo a cikumbutso ca Dag Hammarskjöld, mlembi wamkuru wa United Nations. Ndege yace inagwa m'nkhalango imeneyo usiku wa pa 17 kucera pa 18 September 1961, ali pa ulendo wokakambirana za mtendere ndi Moïse Tshombe wa ku Katanga, ndipo anthu onse 16 a m'ndegemo anamwalira.

Kucokera ku Ndola kunka ku Kitwe pali makilomita ngati 60. Mzinda wa Kitwe unakhazikitsidwa m'caka ca 1936 pambali pa mgodi wa Nkana, umene unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1932. Pa Nkana pomwepo, m'caka ca 1940, asilikari anaombera anchito amene ananyanyala nchito pofuna malipiro abwino, ndipo anafa anthu 17. Wofuna mpumulo angapite ku damu la Mindolo, kapena ku Chembe, kufupi ndi Kalulushi, kumene mbalame zamitundumitundu zisungidwa m'mbali mwa thamanda.

Ulendo wotere sufuna cuma cambiri, koma ndalama ya basi ndi ya mbale ya nsima. Malipiro ambiri a pakutha pa mwezi amathera m'nyumba za mowa, ana osaona kanthu. Bambo amene apatulako pang'ono, natenga mkazi wace ndi ana kukadya m'tauni, acita bwino kuwaimika pakhomo asanalowe, ndi kuwauza kuti agogo ao anali kuima panja pa kazenera.