Yoga pa Mphasa: Thandizo kwa Amayi Oyembekezera ku Nsipe

Ku Nsipe, m'boma la Ntcheu, mayi woyembekezera sasowa chochita: m'mawa ali kumunda, masana kumjigo, madzulo pamoto. Koma kuwerama ndi khasu tsiku lonse kumaumitsa msana ndi chiuno, makamaka mimba ikakula.

Apa m'pamene yoga, masewera ochokera ku India, ingathandize. Siifuna ndalama kapena zipangizo. Mphasa pansi pa mtengo wa mango ndi yokwanira. Mayi amagwada n'kutsamira manja pansi, kenako amakweza ndi kutsitsa msana pang'onopang'ono uku akupuma mozama. Zimenezi zimachepetsa ululu wa msana, zimatsitsa nkhawa komanso zimabweretsa tulo tabwino. Kupuma kodekhako kumadzamuthandizanso matenda akayamba.

Mu 2020, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza amayi oyembekezera athanzi kuchita masewera olimbitsa thupi osachepera mphindi 150 pa sabata.

Komabe mayi ayambe wafunsa anamwino ku sikelo. Asagone chagada nthawi yaitali m'miyezi yomaliza, asapotokole mimba, ndipo akaona magazi, chizungulire kapena kupweteka m'mimba, asiye n'kuthamangira kuchipatala.