Okonza makutu a anyamata a njinga ku Joni

Waya wopita ku sipika ya m'helemeti ndi wovuta kuwotcherera. Mukamusenda mumapeza timaulusi tamkuwa, tina tofiira tina tobiriwira, topyapyala ngati tsitsi la khanda, tokulungana ndi ulusi wa nayiloni. Kaulusi kalikonse kanapakidwa utoto woletsa magetsi kudumphira kwina, ndipo mtovu sugwira pa utotowo. Wophunzira kumene amapala ndi lezala n'kudula theka la timaulusito osadziwa. Mmisiri wozolowera amasungunula kadontho ka mtovu kunsonga ya chitsulo chowotcherera, n'kuviika wayayo m'menemo mpaka utoto utapsa ndi kautsi konunkha. Akamutulutsa amakhala atayera mbee, wokonzeka kulumikiza. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma ndi pamene pamadziwikira amene angakukonzereni ndi amene angakuwonongereni katundu.

Anthu odziwa zimenezi mumawapeza kuseri kwa kauntala m'timashopu tokonza mafoni mu Johannesburg, ku Mayfair, ku Fordsburg ndi m'katikati mwa mzinda. Eni mashopu ambiri ndi ochokera ku Pakistan ndi Bangladesh, koma pakati pa ogwira ntchito simulephera kumva Chichewa kapena Chiyao. Palibe amene anapita kusukulu kukaphunzira za helemeti. Anayamba ndi kusintha magalasi a mafoni ndi timabowo totchajira, ntchito yatsopanoyi inangowapeza. Uber Eats itafika ku South Africa mu 2016, Checkers n'kuyambitsa ntchito yoperekera katundu pakhomo ya Sixty60 mu 2019, kenako mliri wa Covid-19 n'kutsekera anthu m'nyumba mu 2020, misewu inadzaza ndi njinga zamoto zonyamula mabokosi kumbuyo. Oyendetsa ambiri ndi obwera: a ku Malawi, Zimbabwe, Congo, Uganda, Burundi. Amalipidwa potengera maulendo amene ayenda, ndipo lamulo la pamsewu sililola kugwira foni m'manja ukuyendetsa. Choncho mawu a mapu ndi foni ya kasitomala wosochera pageti ziyenera kulowa m'khutu kudzera m'kabokosi ka Bluetooth komamatira kumanzere kwa helemeti. Amakaika kumanzere kuti dzanja lamanja lisachoke pamoto.

Zida zimenezi zili m'magulu awiri, ndipo mavuto a mmisiri akuchokera pomwepa. Kampani ya Cardo ya ku Israel ndiyo inayamba kugulitsa chida chotere mu 2004 pa dzina la Scala Rider, kenako Sena ya ku South Korea inabwera n'kukhala mpikisano wake wamkulu. Zawo zimadya marandi masauzande angapo. Ogula ndi aja a njinga zikuluzikulu amene Lamlungu m'mawa amatsatana ulendo wa ku Hartbeespoort kukadya kadzutsa, akucheza m'helemeti njira yonse. Chawo chikavuta amabwerera nacho kositolo ndi lisiti. Mnyamata wa njinga yobwereka ya Bajaj Boxer amagula za ku China za marandi mazana ochepa, zina za dzina lodziwika monga EJEAS ndi FreedConn, zina zopanda dzina n'komwe. Iyeyu ndi amene amafika kwa mmisiri, thukuta lili kamukamu, oda ikudikira.

Madandaulo ake sasintha kwenikweni. "Achimwene, ikungolira mbali imodzi." "Yafa, ndaitchaja usiku wonse koma osayaka." "Ine ndikumva, koma kasitomala akuti sakundimva." "Dzulo imagwira bwinobwino, lero foni yakana kuiona." Ndipo pafupifupi aliyense amamaliza ndi mawu amodzimodzi: "Mundichitire changu, ndili pa ntchito."

Mmisiri wabwino safulumira kutsegula. Amayamba ndi zakunja, chifukwa zambiri mwa zida zimene amazitcha zakufa sizinafe. Yosaonedwa ndi foni nthawi zambiri imakhala italumikizana kale ndi foni ina, mwina ya mnzake wogona naye chipinda chimodzi, kapena foni inasintha pulogalamu usiku n'kusokoneza ubale wakale. Mankhwala ake ndi kufufuta dzina la chidacho mufoni, kuchibwezera mmene chinalili pochoka kufakitale, n'kuzidziwitsanso. Yosamveka kwa kasitomala kawirikawiri kasiponji ka pa maiki kanagwa, mphepo n'kumawomba mwachindunji, kapena maikiyo inatembenuka n'kuyang'ana kumsewu m'malo mwa kukamwa. Yokana kutchaja ili ndi chinsinsi chimene amisiri amachikonda: zida zina zotchipa zili ndi bowo la USB-C, koma opanga anasiya timaresisita tiwiri timene timauza tchaja yamakono kuti itulutse moto. Mukailumikiza ku tchaja ya foni yatsopano, zii. Mukatenga chingwe chakale chija cha mutu waukulu mbali imodzi, getsi lofiira layaka.

Yolira mbali imodzi ndiyo imafuna manja. Mmisiri amazula pulagi, n'kugunditsa mawaya a sipika ku batire la tochi la mavolti 1.5. Sipika yamoyo imati "thi". Akapima ndi mita, masipika ambiri otere amaonetsa cha m'ma ohm 32. Mita ikangokhala chete, ndiye kuti waya waduka penapake. Amadziwa kale poyang'ana: pamene wayayo amapindika tsiku lililonse mwini wake akamavala ndi kuvula helemeti, kapena pakhosi pa pulagi. Amagwedeza pang'onopang'ono nyimbo ikulira, ndipo pamene mawu abwerera n'kuthawanso, pamenepo ndiye pa bala.

Nyengo ya Johannesburg imawabweretsera ntchito kawiri pachaka. M'dzinja mvula yamabingu imagwa masana mwadzidzidzi, n'kupeza kachivundikiro ka rabala ka pa bowo lotchajira katasiyidwa kotsegula. Madzi akalowa, mkuwa umachita ndere zobiriwira. Thukuta limaposa apo chifukwa cha mchere. Anyamata amathamangira kukwirira chidacho mu mpunga, koma mpunga suchotsa nderezo. Chofunika ndi kuchizimitsa msanga, osachitchaja, n'kutsuka ndi kaburashi ndi spiriti wa isopropyl. Mu June ndi July, kuzizira kwa m'mawa kumafooketsa mabatire, ndipo lokalamba limene linkapirira mpaka madzulo limatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Batire ndilo mutu wa nkhani. M'kati mwa kabokosiko muli kathumba ka lithium ka mavolti 3.7, kamene kakadzaza kamafika 4.2. Sikakonda kuphwa mpaka kutheratu, sikakonda kutentha, ndipo kakatchajidwa maulendo mazana angapo mphamvu zake zimayamba kuchepa. Amene amakwera njinga Lamlungu lokha sangazione msanga. Wonyamula maoda amatchaja tsiku ndi tsiku, nthawi zina akuyenda, kudzera pa kasoketi kotchipa kolumikizidwa ku batire la njinga, kamene kamalowetsanso kaphokoso ka injini m'makutu. Batire likatupa, kabokosi kamayamba kuyasamula m'mbali. Pamenepo mmisiri amachenjeza mosaseka: "Musaliboole, aise, limayaka moto ili."

Kusintha batire ndi mawaya awiri kapena atatu basi. Vuto ndi kulowamo. Opanga amamata kabokosiko ndi guluu kuti madzi asalowe, ndipo ukakatsegula sikabwerera mwakale. Mmisiri amatenthetsa m'mbali, n'kulowetsa kapulasitiki kopyapyala, akudziwa kuti kakang'aluka mlandu ndi wake. Batire lolingana msinkhu silipezeka nthawi zonse. Amasakasaka m'kabati momwe amasungira zida zakufa, kapena kuyenda mpaka ku China Mall. Akamaliza zonsezo n'kutchula mtengo, yankho limabwera lomwe lija: "Aaa, akulu, ndingowonjezera pang'ono ndigule chatsopano." Ndipo mnyamatayo sakunama. Chida chodula sichifika pa tebulo la mmisiri, chotchipa mtengo wake sulola kuti munthu alipidwe ola lathunthu. Luso lakelo latsala pakati, popanda wolilipira.

Chondiwawa kwambiri ndi chakuti mmisiri woona mtima ndiye amapeza zochepa. Akazindikira m'mphindi imodzi kuti vuto ndi chingwe chotchajira, kasitomala amathokoza n'kudumphira panjinga. Ndani alipire munthu amene sanagwire n'komwe sikuludiraiva? Wina wochenjera amalowa nacho kuseri, n'kukhalako mphindi makumi awiri, n'kutuluka akupukusa mutu kuti "zinavuta m'katimu", ndipo iyeyo ndiye amalandira ndalama. Amisiri ena amati amangochita zachibale, poti mnyamatayo ndi wa kumudzi, wa ku Mangochi kapena ku Mzimba, ndipo tsiku lina adzabweretsa foni yosweka galasi. Ena amati chibale sichilipira lendi. M'chaka cha 2023, pamene magetsi ankazimazima kwambiri ku South Africa, ngakhale chitsulo chowotcherera chinkakhala chozizira maola ambiri, lendi ikuwerengabe.

Pali madandaulo ena amene mmisiri sangawathetse, chifukwa chida chilibe vuto. Pa katoni analemba kuti anthu awiri angalankhulane atatalikirana mamita 1200, koma zimenezo ndi za pabwalo lopanda chotchinga. Bluetooth imayenda pa mafunde a 2.4 GHz, amene makoma, mabasi ndi thupi la munthu lomwe zimawatchinga. M'tauni mukangokhota pakona, mnzanu wasowa. Komanso intakomu yakale imalumikiza anthu motsatana, wapakati akatsalira pa maloboti gulu lonse laduka. Makampani akuluakulu anathetsa zimenezi ndi njira ya mesh, imene Cardo inabweretsa mu 2015 ndi Packtalk, koma mtengo wake si wa wonyamula maoda.

Dandaulo loopsa ndi ili: "Mawu achepa, mungawakweze?" Nthawi zambiri sipika imakhala itasuntha pa Velcro n'kuchoka pa bowo la khutu, ndipo kungoibwezera kapena kuika kasiponji kumbuyo kwake kuti iyandikire kumakwanira. Koma ena amafuna zambiri. Mphepo ya m'helemeti njinga ikathamanga pa msewu waukulu imapitirira madesibelo 90, pamene akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati madesibelo 85 kwa maola 8 ndiye malire. Kukweza nyimbo kuti ipose mphepoyo ndi kudziphera makutu pang'onopang'ono, ndipo makutu akafa alibe sipeya. Enanso sipika ikamawafinya amapempha mmisiri kuti akumbe kadzenje m'chosanjikiza choyera cholimba cha m'kati mwa helemeti. Chimenecho ndicho chimaphwanyika m'malo mwa chigaza munthu akagwa. Bungwe la WHO lakhala likunena kuti helemeti yabwino, yovalidwa moyenera, imachepetsa kwambiri imfa ndi kuvulala kwa ubongo pa ngozi ya njinga. Yokumbidwa ndi mpeni si helemeti yomweyonso. Mmisiri amene amakana ntchito imeneyi amataya ndalama ya tsikulo, ndipo mnyamatayo mwina akakumba yekha kunyumba. Komabe amene amakana ndi amene ine ndingamupatse katundu wanga.

Zida zimenezi zayamba kutsika m'mabasi a ku Joni pamodzi ndi katundu wina, ndipo anyamata a kabaza ku Lilongwe ndi Blantyre, amene ena amapanikiza foni pakati pa tsaya ndi helemeti, sachedwa kuzitengera. Okonza mafoni a ku Limbe ndi ku Malangalanga adzakumana ndi waya wopakidwa utoto yemweyu, batire lotupa lomweli, ndi kasitomala wofuna changu koma wosafuna kulipira nzeru.

Inu a njinga, tsekani kachivundikiro ka rabala mvula isanabwere, musasiye batire litheretu, musakumbe helemeti, ndipo chida chikavuta pitani nacho kwa mmisiri musanachitaye. Akakuuzani kuti vuto ndi chingwe chabe, mulipireni ndithu, chifukwa wakupulumutsirani mtengo wa chatsopano.