Kulapa kwenikweni kumaonekera pasikelo

Mwezi wa Disembala ukangolowa, m'misika ya ku Mgona, Kawale, Biwi ndi Area 25 mumzinda wa Lilongwe mumakhala piringupiringu. Atelala amachezera pamakina, a kaunjika amakweza mawu, ndipo amayi amayamba kuwerengera ngati ndalama ya mpunga ndi nkhuku ikwane pa 25.

Komatu m'matchalitchi a m'madera omwewa mumamveka uthenga wina. Akatolika, a Anglican ndi a Lutheran amakhala ali m'nyengo ya Adiventi, yomwe imayamba Lamulungu lachinayi Khirisimasi isanafike. Ansembe amavala zovala za mtundu wa pepo ngati pa Lenti, kusonyeza kuti ino ndi nthawi yodziyang'ana mumtima.

Munthu amene amatchulidwa kwambiri m'masabata amenewa ndi Yohane Mbatizi, mlaliki wa m'chipululu amene sankanyengerera munthu. Malinga ndi Luka mutu 3, iye anauza anthu obwera kudzabatizidwa kuti kutembenuka mtima kwawo kuoneke ndi zipatso.

Anthuwo atafunsa chochita, Yohane sanawatumize kuphiri kukasala kudya. Wa malaya awiri anamuuza kuti agawireko amene alibe. Okhometsa msonkho anawaletsa kulipiritsa mopyola muyeso. Asilikali anawachenjeza kuti asalande za anthu kapena kuwanamizira milandu, koma akhutire ndi malipiro awo.

Mayankho onsewa akukhudza thumba ndi ntchito. N'chifukwa chake uthengawu ukumveka ngati unalembedwera anthu a ku Kanengo.

Kanengo ndi dera la mafakitale. Kumeneku n'kumene kuli msika waukulu wa fodya, makampani okonza fodyayo monga Limbe Leaf ndi Alliance One, komanso nkhokwe za chimanga za boma. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo n'kutsekedwa mvula isanagwe. Pofika Disembala, ambiri mwa anthu olembedwa ntchito ya nyengo amakhala ali pakhomo, ndipo ogulitsa zakudya, a kabaza ndi eni nyumba za lendi nawonso amaimva kuwawa.

Ndi mwezi womwewu umene chimanga chimakwera mtengo, feteleza amafunika kumunda, ndipo fizi ya mu Januwale imakhala ikugogoda pakhomo.

Bungwe la Centre for Social Concern, lomwe ansembe a chipani cha White Fathers analikhazikitsa mu 2002 ku Area 25, limachita kafukufuku wa ndalama zimene banja la m'tauni limafunika pamwezi. Kwa zaka zambiri zotsatira zake zakhala zikuonetsa kuti malipiro a anthu wamba ali kutali ndi mtengo wa zinthu. Mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpatawo unakulirakulira.

Zinthu zikathina chonchi, mayesero amachuluka. Wina amapotoza sikelo kuti kilogalamu ikhale yoperewera. Wina amagogoda mbale yoyezera ufa kuti pansi pake patukuke. Wa katapila amabwereketsa ndalama kwa mayi amene mwana wake wadwala, n'kudzafuna chiwongoladzanja chofika theka la ngongoleyo mwezi usanathe, apo ayi alanda wailesi kapena matilesi.

M'nyumba zina mlonda ndi mtsikana wantchito amalowa m'chaka chatsopano osalandira malipiro a miyezi iwiri, pamene abwana agula mbuzi ya Khirisimasi.

Ambiri ochita zimenezi si achilendo kutchalitchi. Ena amaimba kwaya, ena ndi atsogoleri a magulu, ndipo Lamulungu amakhala pabenchi limodzi ndi anthu omwe awadyera masuku pamutuwo.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi udindo woyendera masikelo a malonda, koma silingaime pabenchi lililonse la mumsika tsiku ndi tsiku. Pamene lamulo silifika, pamatsala chikumbumtima cha mwini sikelo.

Mipingo ili ndi njira zake zokonzekeretsa anthu. Ku Katolika, monga kuparishi ya St Francis ku Area 25, akhristu amalimbikitsidwa kulandira sakramenti la kulapa chikondwerero chisanafike. Ku CCAP kumakhala chilangizo anthu asanayandikire Mgonero, kuti aliyense adziyese yekha. Mipingo ya Pentekoste imakonza mapemphero a usiku ndi kusala kudya chaka chikamatha.

Koma chovuta kwambiri si kugwada pamaso pa Mulungu amene saoneka. Chovuta n'kugogoda pachitseko cha mnansi amene munalongolozana naye pampopi mu Juni, n'kunena kuti pepani. M'mapuloti a ku Mgona kapena Chinsapo, momwe mabanja angapo amagwiritsa ntchito bafa limodzi, anthu amatha miyezi osapatsana moni chifukwa cha bilu ya madzi kapena ndewu ya ana.

Pa Mateyu mutu 5 Yesu anaphunzitsa kuti munthu akakumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa, ayambe wakayanjana naye kenaka adzapereke nsembe yake. Nayenso Zakeyu wa pa Luka 19, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, sanangolira misozi. Analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera.

Akuluakulu anati mlandu suola. Ngongole ya K5,000 imene munthu wakhala akuizemba kuyambira Isitala siitha chifukwa choti waimba nyimbo za Khirisimasi.

Arkidayosizi ya Lilongwe ili ndi chida chothandiza pankhaniyi. Pakati pa 1973 ndi 1975, Episkopi Patrick Kalilombe anatsogolera msonkhano wa dayosizi umene unazika mizu ya miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana opemphera pamodzi. Mumphakati munthu sangabisale, pakuti onse amadziwa amene wagona ndi njala komanso amene amabwereketsa katapila. Amayi a Chigwirizano mu Sinodi ya Nkhoma nawonso amawadziwa bwino makomo a odwala ndi amasiye.

Magulu ambiri a mipingo amanyamula sopo, shuga ndi ufa kupita kundende ya Maula kapena kuchipatala cha Bwaila nyengo ino. Ntchito imeneyi ndi yotamandika, pakuti kupatsa n'kuika. Koma mphatso yopita kutali siingalowe m'malo mwa malipiro a mlonda amene ali pageti pomwepo.

Khirisimasi imakumbutsa za mwana amene anagonekedwa modyera ziweto, ndipo oyamba kumva za kubadwa kwake anali abusa ogwira ntchito usiku. Mlonda wa ku Kanengo akalandira zake zonse pa 24, ndipo mayi wa ku Mgona akagula kilogalamu yokwanadi kilogalamu, pamenepo ndiye kuti ulaliki wa Adiventi watuluka m'tchalitchi n'kufika kumene unkapita.