Mpira wa Rugby: M'mene Maiko Ang'ono Amalowera pa Bwalo la Akulu

 Lero tikambirana za mpira wa rugby, ndipo funso lathu ndi ili: kodi dziko limene likali laling'ono pa masewerawa limalowa bwanji m'mipikisano ya maiko akulu? Funsoli litikhudza, pakuti rugby yaseweredwa pa Kitwe, Mufulira, Luanshya ndi Chingola zaka zambiri, koma gulu la Zambia silinapondepo pa mpikisano wa Cikho ca Dziko Lonse.

Tiyambe ndi kulongosola masewerawo kwa iwo amene sanawaone. Mpira wace uli ngati dzira lalikulu. Mbali iri yonse ikhala ndi anthu 15, ndipo asewera mphindi 80. Munthu aloledwa kuthamanga ndi mpira m'manja, koma popatsa mnzace sayenera kuuponya kutsogolo ai. Adani aloledwa kumgwira ndi kumgwetsa. Akadutsa mzere wa adaniwo nakhudzitsa mpira pansi, gulu lace lilandira mapointi 5, ndipo akaumenyanso bwino pamwamba pa mtanda wa pakati pa mitengo iwiri, aonjeza 2. Nthawi zina anthu 8 a mbali iyi agwirana mapewa nakankhana ndi 8 a mbali inayo, monga nkhunzi zolimbana. Kukankhana kumeneku akucha scrum.

Apa ndi pamene pagona bvuto la maiko ang'ono. Pa mpira wa miyendo gulu lofooka likhoza kuunjikana pa goli lace tsiku lonse, nkugonja ndi cigoli cimodzi cabe. Pa rugby palibe pobisala. Gulu limene likankhidwa ndi kugwetsedwa kosalekeza litopa msanga, ndipo likatopa adani angodutsa monga madzi pa mlatho wogumuka. M'caka ca 2003 Australia inagonjetsa Namibia ndi mapointi 142 kwa 0. Anyamata a Namibia sanali amantha, koma ambiri a iwo anali ndi nchito zina, pamene adani ao anali kudya za mpirawo.

Kuno kwathu rugby inafika ndi Azungu, ndipo inakhazikika m'makalabu a pa migodi ndi m'matauni a m'mbali mwa njanji. M'masiku a atsamunda makalabuwo anali a Azungu okha, ndipo anthu akuda anali kusewera mpira wa miyendo m'makomboni. Gulu lochedwa Rhodesia linali kutenga osewera ku Northern ndi ku Southern Rhodesia komwe. Gulu limeneli linagonjetsa New Zealand 10 kwa 8 pa Bulawayo m'caka ca 1949, ndipo mu 1955 linakomana ndi British Lions pa Kitwe penipeni. Koma linali kuwerengedwa ngati cigawo cimodzi ca mpira wa South Africa, kotero kuti wosewera wopambana anali kubvala malaya a South Africa. Ufulu utabwera mu 1964, masewerawa analowa m'manja mwa ana a dziko, ndipo maina monga Diggers, Mufulira Leopards, Nchanga, Red Arrows ndi Green Buffaloes anadziwika.

Tsono khomo lolowera kwa akulu liri potani? Cikho ca Dziko Lonse cinayamba mu 1987, ndipo cicitika zaka zinai ziri zonse. Mpikisano wa 2023 unali ndi maiko 20, koma bungwe la World Rugby linabvomereza kuti wa 2027 ku Australia ukhale ndi maiko 24. South Africa ilowa mosabvuta cifukwa ca kupambana kwace. Maiko ena onse a mu Africa alimbirana malo amodzi otsimikizika pa mpikisano wa Cikho ca Africa. Namibia inatenga malowo kasanu ndi kawiri motsatizana, kuyambira 1999 kufikira 2023, koma siinapambane masewera ngakhale amodzi itafika kumeneko. Mu July 2025 pa Kampala, anansi athu a Zimbabwe anagonjetsa Namibia 30 kwa 28, natenga malo a 2027. Iwo anasewerako kale mu 1987 ndi 1991, ndiye kuti zaka 36 zidzakhala zitapita asanabwerereko.

Taonani tsopano cinthu codabwitsa. Mu 1991 muja, pa Belfast, Zimbabwe inagonja kwa Japan 52 kwa 8, ndipo kumeneko kunali kupambana koyamba kwa Japan pa Cikhoci. Japan nayonso inali yaing'ono, pakuti mu 1995 New Zealand inaikwapula 145 kwa 17. Koma kwao makampani akulu monga Toshiba, Suntory ndi Kobe Steel anali kusunga magulu a rugby, nalemba osewera nchito, monga m'mene makampani a migodi anali kusungira makalabu kuno. Mu 2003 anakonza ligi yatsopano ya dziko lonse, naitana aphunzitsi ndi osewera odziwa a maiko ena. Zipatso zace zinaoneka mu 2015 pa Brighton, pamene Japan inagonjetsa South Africa 34 kwa 32. Mu 2019 mpikisano unacitikira ku Japan komweko, ndipo eni mudzi anafika pa magulu 8 otsiriza.

Argentina inayenda njira yofanana. Itakhala yacitatu pa Cikho ca 2007, inaloledwa mu 2012 kusewera caka ndi caka ndi New Zealand, Australia ndi South Africa. Poyamba inali kugonja kawirikawiri, koma mu 2020 inagonjetsa New Zealand 25 kwa 15 kwa nthawi yoyamba. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Gulu limene likomana ndi amphamvu kamodzi pa zaka zinai liphunzira manyazi okha, koma limene likomana nao caka ciri conse liphunzira mpira.

Cina cofunika ndico kusunga ana ako. Pa Cikho ca 2003 mtsogoleri wa gulu la Australia anali George Gregan, ndipo wa South Africa anali Corné Krige. Onse awiri anabadwira mu Lusaka. Dafydd James wa ku Wales anabadwira pa Mufulira. Tendai Mtawarira, mwana wa ku Harare, ananyamula Cikho ndi South Africa mu 2019. Sitingawadzudzule anthu awa, pakuti ena anacoka akali ana, ndipo munthu apita kumene nchito yace ilipidwa. Koma munda umene mbeu zace zabwino zikololedwa ndi ena sudzaza nkhokwe.

Zambia yapeza kakhomo kena pa rugby ya anthu 7, imene aisewera mphindi 7 mbali iri yonse, ndipo ifuna liwiro koposa kulemera kwa thupi. Gulu lathu linasewera pa Masewera a Commonwealth ku Gold Coast mu 2018 ndi ku Birmingham mu 2022, nilikomana ndi akatswiri a New Zealand ndi Fiji. Ciyambi ncabwino, koma rugby ya anthu 15 ifuna anthu ocuruka, cakudya cokwanira, madokotala, ndi ndalama za maulendo.

Anthu ocurukawo acokera kuti? Ambiri a inu ogwira nchito pa migodi muli ndi abale ku midzi ya ku Lundazi, Chipata ndi Petauke, anyamata onyamula thumba la cimanga pa phewa osapuma. Makalabu odziwika a rugby ali kutali nao, m'mbali mwa njanji. Mukamapita kumudzi pa cuti, inu amene mudziwa masewerawa nyamulani mpira umodzi, mukaupereke kwa mphunzitsi wa pa sukulu, ndi kuonetsa ana kagwiridwe kace. Mpira wa Japan unakula pa masukulu ndi pa makampani zaka zambiri usanaonekere pa Brighton.