Dokotala Wosabaya Jekeseni



Tsiku lina bambo wina wa kufupi ndi Ligowe anandiimika panjira ndi nkhope yakugwa, nandiuza kuti mwana wache wamkazi, amene watha kale zaka zinai pa sukulu yaikulu ya ku Zomba, afuna kuonjezanso zaka zina zambiri kuti akhale dokotala wa biochemistry. Ndipo anati: “Aphunzitsi, udokotala wanji umenewu, wosabaya jekeseni, wosagwira wodwala pamphumi?” Pomwepo ndinasowa mau okwanira, tsono ndiyankha muno, kuti ena amveko nao.

Thupi la munthu, monganso chimanga ndi udzudzu, lamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. M'kati mwa maselo muli ulusi wopota, dzina lache DNA, ndipo pa ulusiwo palembedwa malangizo onse a thupi ndi zilembo zinai zokha: A, C, G ndi T. James Watson ndi Francis Crick ndiwo analongosola mapotedwe ache ku Cambridge chaka cha 1953, atathandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin. Malangizowo auza selo mapuloteni oyenera kupanga, ndipo mapuloteniwo ndiwo agaya nsima m'mimba, nanyamula mpweya m'magazi. Chilembo chimodzi chikalakwika, mwana angabadwe ndi nthenda ya sickle cell, yomwe ija athandiza nayo ana ku chipatala cha Neno ndi cha Lisungwi. Kuwerenga malemba otere ndi kuzindikira machitidwe a mapuloteni, ndiyo ntchito imene mtsikanayu aifuna.

Mungati n'za Azungu zimenezo. Iai, tamvani. Akulu akumbukira chloroquine wowawa uja, amene anali mankhwala a malungo m'nyumba iliyonse. Patapita zaka analeka kuchiza, ana namafa atamwa kale mankhwala. Ndipo mu 1993 dziko la Malawi linayamba ndilo mu Africa kumsiya, nilitenga Fansidar. Anthu a maphunziro amene tikambawa anafufuza, napeza kuti kachirombo ka malungo kanasintha malo amodzi pa malangizo ache otchedwa pfcrt, nikaphunzira kutaya mankhwalawo kunja asanakaphe. Poyesa magazi a odwala a ku Blantyre anaona kuti mu 1992 magazi 85 mwa 100 anali ndi tizirombo tosinthikato, koma pofika 2000 anatsala 13 okha. Pakuti popanda chloroquine kusinthikako kunasanduka katundu wolemetsa, ndipo tizirombo takale tinachulukanso. Mu 2006 kunamveka kuti pa mayeso a ku Ndirande chloroquine anachizanso ana 99 mwa 100. Dziko lonse la pansi linaphunzira kanthu pa magazi a ana athu. (Koma musathamangire kukagula chloroquine chifukwa cha mau angawa, mankhwala amene boma linaika kuyambira 2007 ndi LA, ndipo malungo ayesedwe kuchipatala.)

Chinanso chinachitika mu February 2022, pamene kunalengezedwa kuti mwana wa ku Lilongwe wapuwala ndi polio. Powerenga malemba a kachiromboko anapeza kuti n'kachibale cha polio wa ku Pakistan, ndipo ana a dziko lino ndi a maiko oyandikana nafe analandira katemera. Koma kuwerengako kunachitikira ku South Africa ndi ku America. Ine chimenechi chindiwawa, kuti nthenda ili m'nyumba mwathu, koma woiwerenga ali kutsidya.

Njira yache njaitali, sindikubisirani. Mwana ayenera kukhoza bwino Biology, Chemistry ndi masamu pa mayeso a MSCE. Kenaka zaka zinai za digiri yoyamba, kawirikawiri zina ziwiri za Masters, ndipo pomaliza zaka zitatu kufikira zisanu za PhD. Pa gawo lomalizali salowezanso za m'buku. Asankha funso limodzi limene palibe analiyankha, nalimbana nalo m'labotale usana ndi usiku, mayeso nakanika kambiri. Potsiriza alemba buku la zimene wapeza, naimirira pamaso pa akatswiri kuliteteza. Maphunziro otere apezeka ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inaima payokha mu 2021 kuchokera ku College of Medicine ndi sukulu ya anamwino; ndipo bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, lokhala pa chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 1995, laphunzitsa Amalawi ambiri. Ena apita ku Cape Town kapena ku Liverpool.

Nanga akatha adzadya chiani? Ena aphunzitsa ku mayunivesite, ena afufuza malungo, TB ndi HIV. Ena ali ku Chitedze kulimbana ndi chuku cha mtedza ndi matenda a mbeu, ena ayesa zakudya ndi mankhwala ku Malawi Bureau of Standards kapena m'malabotale a boma. Koma malo ngochepa, ndipo ntchito zambiri zofufuza zidalira ndalama za kunja zoperekedwa kwa zaka zowerengeka. Zikatha, munthu afunenso zina. Chifukwa chache ena aoloka nyanja osabweranso. Kholo lofuna mwana amene adzamange nyumba ya malata msanga lidziwiretu kuti njira iyi ichedwa.

Bambo uja ndinakumana nayenso pamsika, ndipo ndinamuuza ziwiri. Choyamba, asagulitse munda wa mbatatesi kapena ng'ombe, pakuti ambiri ochita PhD ya mtundu uwu alipiridwa ndi mabungwe, sukulu ndi chakudya chomwe. Mwanayo afune thandizo lotere asanayambe. Chachiwiri, za ukwati zimene amai ache adera nazo nkhawa akambirane ndi mwini wache, pakuti alipo akazi amene anatha maphunzirowa ali ndi ana kumbuyo. Iye anakhala chete kanthawi, nafunsa ngati mwanayo angadzayese magazi a mdzukulu wache wodwaladwala uja. Ndinati, kuyesa ayesa kale ku Neno, apite naye sabata lomwe lino.